Gombe Limagwa Kuchokera Pansi: Kulimbitsa Magombe a Mitsinje ya ku Mangochi

Mvula ikakhazikika m'mwezi wa Januwale, mitsinje yotsika m'mapiri a kum'mawa kwa boma la Mangochi, monga Lungwena ndi Masanje, imafiira ndi matope, ndipo kufiirako kumaonekera patali pamene mitsinjeyi ikuthira m'nyanja. Anthu ambiri akaona zimenezi amanena kuti ndi nthaka ya m'minda yakumtunda imene yakokoloka, ndipo salakwa. Komabe gawo lina lalikulu la matopewo silichokera kutali ayi, limachokera m'magombe a mtsinje womwewo, omwe amagumuka chaka ndi chaka n'kutenga madimba, mitengo ya mango, njira za anthu, ndipo nthawi zina manda amene. Ntchito yolimbitsa magombe ndiye imayesa kutseka gwero limeneli, koma imatheka pokhapokha oigwira atamvetsa chimene chikugwetsa gombelo. Kawirikawiri timathamangira kubzala mitengo pamwamba pa gombe, pamene vuto lili pansi, pomwe madzi akukhudza dothi.

Choyamba kudziwa n'chakuti boma la Mangochi lili ndi madzi a makhalidwe osiyana. Mtsinje wa Shire umatuluka m'Nyanja ya Malawi, n'kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi m'tauni ya Mangochi, n'kukathira m'nyanja ya Malombe utayenda mtunda wosakwana makilomita 20. Chigawo chimenechi chimayenda mofatsa chifukwa malo ake ndi athyathyathya, ndipo kukwera kapena kutsika kwa madzi ake kumatsata nyanja, osati mvula ya usiku umodzi. Mitsinje ya m'mapiri njosiyana kotheratu. M'chilimwe yambiri imasanduka mchenga wokhawokha, amayi n'kumafukula zitsime pakati pake, koma mvula ikagwa kumtunda imadzaza m'maola ochepa, n'kubwera ndi zitsa, miyala ndi nthambi. Njira imene ingagwire gombe la Shire pafupi ndi tauni singagwire gombe la mtsinje wotere, ndipo amene amabweretsa njira imodzi pa malo onse amangotaya mbande ndi thukuta la anthu.

Kuti tione mmene gombe limagwera, tiyime pamalo pamene mtsinje wakhota. Madzi akafika pokhota sayenda mofanana mbali zonse ziwiri: kumbali yakunja amathamanga ndipo amazama, pamene kumbali yamkati amafooka n'kusiya mchenga. Madzi othamangawo samenya pamwamba pa gombe koma patsinde pake, ndipo amasepa dothi pang'onopang'ono mpaka kupanga mphanga. Mukapita pamalo otere mu Okutobala, madzi ataphwa, mudzaona gombe litaima chilili, lalitali kuposa munthu, pansi pake pali kamphanga koti mwana angabisalemo, mizu ya chimanga chakale ikulendewera m'mwamba. Pamwamba pake, sitepe imodzi kapena ziwiri kuchokera pamlomo, pamakhala mng'alu wotsata mtsinje. Mng'alu umenewo ndiwo malire a dothi limene lidzagwe dzinja likubwerali. Likagwa limaunjikana patsinde n'kuteteza gombe kwa kanthawi, koma chigumula chotsatira chimalisesa, ndipo kusepa kumayambiranso pomwe kunalekera.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa anthu, chakuti magombe ambiri sagwa pamene mtsinje wadzaza, koma pamene madzi ayamba kutsika. Mtsinje ukadzaza, dothi la gombe limamwa madzi n'kulemera, ndipo timbewu ta dothi sitigwiranso bwino, koma madzi a mumtsinje amakhala akulichirikiza pokankhira kumtunda. Madziwo akatsika mofulumira, monga imachitira mitsinje ya m'mapiri, mchirikizo umachoka dothi likadali lonyowa ndi lolemera, ndiye limangotsetsereka. Vutoli limakula pamene pansi pali mchenga, pamwamba pali dothi lamakande, chifukwa madzi otuluka m'gombe kubwerera kumtsinje amatuluka ndi mchengawo n'kusiya dothi lapamwamba lopanda pokhalira. M'zigwa zozungulira Malombe ndi m'mphepete mwa nyanja dothi losanjikizana motere si lachilendo, popeza linaunjikidwa ndi madzi omwewo m'zaka zambirimbiri.

Mtsinje ungathenso kudzikumba pansi, ndipo zikatero magombe onse awiri amatalika mpaka kulephera kuima. Izi zimachitika pa zifukwa ziwiri zikuluzikulu. China ndi kukumba mchenga womangira: galimoto zikachotsa mchenga wambiri pamalo amodzi pamatsala dzenje, ndipo madzi ogwera m'dzenjemo amayamba kudya m'mphepete mwake chobwerera kumtunda, pamene kumunsi madzi osowa mchenga wonyamula amayamba kutola wa m'magombe. China ndi kutha kwa mitengo kumtunda. Nkhalango za Namizimu, Mangochi ndi Phirilongwe zakhala zikuchepa chifukwa cha makala, nkhuni ndi kutsegula minda, ndipo phiri lopanda mitengo silisunga mvula. Madzi omwe akanalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono mpaka mu Ogasiti amatsika onse tsiku limodzi. Liwiro la madzi likangowonjezeka pang'ono, mphamvu yake yonyamula dothi imawonjezeka kwambiri, kotero kuti ngalande imene mtsinje unadzikonzera kale imachepa, ndipo umayamba kuikulitsa pogumula magombe.

Pagombe penipenipo pali zochita za anthu zimene zimafooketsa dothi. Woumba njerwa amakonda dothi la m'mbali mwa mtsinje chifukwa madzi ali pafupi, ndipo nkhuti zimene amasiya zimadzaza madzi n'kunyowetsa gombe kuchokera kumbuyo. Ng'ombe zikamatsikira malo amodzi tsiku ndi tsiku zimapanga kanjira komwe mvula imakasandutsa chigwembe. Koma chachikulu ndi ulimi wa kudimba, ndipo apa m'pofunika kulankhula mwachilungamo. Munthu amene amalima mpaka pamlomo pa mtsinje sachita zimenezi chifukwa cha umbuli. Pamenepo ndi pamene pali chinyontho mu Julayi, pamene ndowa kapena pampu yopondaponda ifikira madzi mosavuta, ndiponso pamene matope a chaka chatha asiya chonde chosafuna feteleza. Chaka chimene chimanga cha dzinja chapserera, dimba ndilo limadyetsa banja ndi kulipira sukulu. Tsoka lake n'lakuti kuti alime pamenepo ayenera kuzula bango ndi kutentha udzu, ndipo khasu limatipula dothi nthawi yomwe mvula yoyamba yayandikira.

Matope akalowa m'madzi, oyamba kuvutika ndi nsomba zoswanira m'mitsinje. Mpasa ndi sanjika zimachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala ta nsangalabwi, pomwe madzi oyera amadutsa pakati pa miyala n'kufikitsa mpweya ku mazirawo. Matope akatseka mipata ya timiyalato mazira amabanika. Ntchila, yomwe kale inali nsomba yochuluka kumwera kwa nyanja, inachepa kwambiri, ndipo kuwonongeka kwa mitsinje yoswanira kumatchulidwa limodzi ndi kupha mopyola muyeso pofotokoza kuchepako. Nsomba za mbuna za m'miyala ya ku Cape Maclear, zomwe zinathandiza kuti Lake Malawi National Park ilembedwe ndi bungwe la UNESCO mu 1984 ngati malo ofunika pa dziko lonse, zimadya ndere zomera pamiyala, ndipo matope akakuta miyalayo chakudya chimachepa. Chambo nachonso chimakhudzidwa, pakuti chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira m'kamwa, ndipo ana akatuluka amabisala m'bango ndi m'zomera za m'madzi osaya. Gombe lopanda bango ndi gombe lopanda pobisalira ana a nsomba.

Nyanja ya Malombe imafuna kuiganizira payokha. Njosaya, mamita ochepa chabe, motero dothi lililonse limene mitsinje ya m'madera a mafumu Chowe ndi Chimwala ibweretsa limakhazikika momwemo. Mbiri yake imatichenjeza. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1930 madzi a Nyanja ya Malawi anatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka, mchenga wobwera ndi mitsinje yothira mu Shire unaunjikana n'kutseka njira, ndipo anthu ankalima pamalo pomwe lero pali nyanja ya Malombe. Chimene chinayambitsa zimenezo ndi kuchepa kwa mvula, koma nkhaniyi ikuonetsa kuti pamalo athyathyathya chotere mchenga wa mitsinje ing'onoing'ono ungathe kugonjetsa mtsinje waukulu. Chambo cha m'Malombe chinalowa pansi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makamaka chifukwa cha makoka a maso aang'ono monga nkacha, omwe amakokolola ana a nsomba ndi zomera zapansi, ndipo n'chifukwa chake makomiti a m'madoko oyang'anira usodzi anayambira kumeneko mu 1993. Sikungakhale koona kunena kuti matope ndiwo anatha chambo. Chimene tinganene n'chakuti ngakhale asodzi onse atamvera malamulo, chambo sichingabwerere msanga m'nyanja imene magombe ake ndi ometedwa ndipo pansi pake pakukutidwa ndi matope atsopano dzinja lililonse.

Ubwino wa madzi kwa anthu umatsata njira yomweyo. Dothi silipita lokha, limanyamula zotsalira za feteleza, mankhwala opopera tomato, ndowe za ziweto ndi zonyansa za m'zimbudzi zokumbidwa pafupi ndi mtsinje. Mchere wa feteleza ukachuluka m'madzi umadyetsa ndere ndi namasupuni, ndipo zomera zimenezi zikafa n'kuwola zimamaliza mpweya umene nsomba zimapuma. Madzi amatope ndi ovutanso kuwayeretsa, popeza kolorini sagwira bwino ntchito m'madzi akuda: tizilombo timabisala m'timbewu ta dothi, ndipo mankhwalawo amathera pa zinyalala. Mayi amene wathira mankhwala mu ndowa ya madzi ofiira angaganize kuti wateteza banja pamene sanathe. Pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Kolera sathetsedwa ndi bango, pamafunika zimbudzi ndi madzi aukhondo, koma mzere wa zomera pakati pa mudzi ndi mtsinje umachepetsa zonyansa zofika m'madzi amene anthu amatunga.

Kumunsi nkhaniyi imasanduka ya magetsi. Shire akachoka m'Malombe amadutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965 kuti iziwongolera kuchuluka kwa madzi odutsa, n'kukatembenuza makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kumachokera gawo lalikulu la magetsi a dziko lino. Kampani yopanga magetsi ya EGENCO imawononga ndalama zambiri pochotsa matope ndi zomera zotseka makinawo. Ichi ndicho china mwa zifukwa zimene boma, mothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, linayambitsira pulogalamu yosamalira chigwa cha Shire yotchedwa Shire River Basin Management Programme mu 2012, kenako pulojekiti yosamalira madera ochokera madzi ya MWASIP mu 2020, yomwe Mangochi linaikidwa m'gulu la maboma ake.

Nanga gombe limalimbitsidwa bwanji? Ntchito yoyamba si ya khasu, ndi ya miyendo. Mtsinje uyenera kuyendedwa m'chilimwe, pamodzi ndi akuluakulu amene akukumbukira pomwe unkadutsa kale, kuti zidziwike ngati ukudya chammbali kapena ukudzikumba pansi. Zizindikiro zake sizivuta. Ngati gombe likugwa kunja kwa pokhota pokha, kwinaku mkati mukuunjikana mchenga, mtsinjewo ukungosuntha monga mitsinje yonse imachitira, ndipo mankhwala ake ali pamalo pomwepo. Ngati magombe onse awiri aima chilili, maziko a mlatho akuoneka, ndipo pakati pa mtsinje pali kaphompho komwe chaka chilichonse kamasunthira kumtunda, ndiye kuti mtsinje ukuzama, ndipo chilichonse chobzalidwa pagombe chidzagwera momwemo mpaka kuzamako kutaletsedwa ndi timadamu ta miyala topingasa ndiponso kuletsa kukumba mchenga. Kuyendaku kumathandizanso kusankha, chifukwa si gombe lililonse logumuka limene liyenera kugwiridwa. Pomwe palibe mudzi, msewu kapena munda, kuusiyira mtsinje malo oti uzisuntha n'kotsika mtengo kuposa kulimbana nawo.

Pamalo pomwe pasankhidwa, gombe loima chilili liyenera kugwetsedwa dala n'kusalazidwa kuti likhale lotsetsereka. Muyeso wodziwika ndi wakuti pa mita imodzi iliyonse ya kutalika kwa gombe pakhale mamita awiri a kutsetsereka, ndipo pa dothi lamchenga atatu. Ndiye kuti gombe la mamita awiri limadya mamita anayi kapena asanu ndi limodzi a munda, ndipo apa m'pomwe mwini dimba amayamba kukwinya nkhope. Koma popanda kutero palibe chomera chingamere pakhoma, ndipo mizu singafike pomwe dothi likung'ambikira.

Kenako pamabwera tsinde, lomwe ndilo mwini nkhani. Pamene madzi ndi ofatsa, monga m'mbali zambiri za Shire wakumtunda, bango lokha likwanira. Pamene madzi ndi aukali, tsinde limafuna chinthu cholemera chogwirizira mpaka zomera zitakula. Njira yotsika mtengo ndiyo kukhoma mizere iwiri ya zikhomo n'kupanikiza nthambi pakati pake, kuti madzi azifooka podutsa n'kusiya mchenga kumbuyo. Zikhomo zikakhala za mitengo yophuka, monga mkuyu, zina zimamera n'kukhala mpanda wamoyo. Njira yodula ndi ya mabasiketi a waya odzaza miyala, amene ambiri amawatcha magabiyoni, ndipo awa amalephera kawirikawiri chifukwa cha kamangidwe. Basiketi yoikidwa pamwamba pa mchenga imafukulidwa pansi n'kupendekera mumtsinje dzinja loyamba lomwe. Iyenera kukumbiridwa mozama kupitirira pomwe madzi amafukula, kutsogolo kwake kuyalidwe ina yopyapyala yoti izitsika yokha madzi akafukula, ndipo nsonga zake zonse ziwiri zilowetsedwe m'gombe kuti madzi asazungulire kumbuyo. Miyala ikhale yoposa maso a waya, yosanjidwa ndi manja osati kungokhuthulidwa, ndipo pakati pa basiketi ndi dothi paikidwe timiyala ting'onoting'ono kapena nsalu yosefa, apo ayi dothi limatuluka m'mipata ya miyala, basiketi n'kutsala itaima yokha pakati pa madzi. Wayanso sakhalitsa mpaka kalekale, mchenga umamupala, dzimbiri limamudya, ndipo nthawi zina amasowa usiku n'kukapezeka pa khola la nkhuku. Motero basiketi iyenera kuonedwa ngati yogwirizira chabe, pamene mwini ntchito ndi mizu.

Zomera zimabzalidwa motsata kutalika kwa gombe, chifukwa chilichonse chili ndi malo ake. Pansi penipeni, pomwe madzi amakhalitsa, ndi pa bango, ndipo m'madambo a madzi osayenda gumbwa. Bango lili ndi ubwino wakuti chigumula chikabwera limagona pansi n'kukuta dothi, madzi akadutsa limadzukanso, ndipo mizu yake yoyanga imaluka tsinde lonse. Pa thupi la gombe ndi pa udzu wa vetiva, womwe alimi ambiri anauzolowera kale pa akalozera. Mizu yake imalowa pansi molunjika mamita awiri kapena atatu, ndiye kuti imapyola pomwe dothi limang'ambikira n'kulisokerera ku dothi lolimba. Umabzalidwa mothithikana, masentimita 10 mpaka 15 pakati pa mapesi, m'mizere yotsata mtsinje, ndipo pamalo a madzi othamanga pawonjezedwe mizere ina yotsika kuti ichepetse liwiro. Mzere wokhala ndi mipata ndi woipa kuposa kusabzala, chifukwa madzi onse amathamangira pampatapo n'kuboola. Vetiva sakonda mthunzi, choncho mitengo ikadzakula adzayamba kufooka, koma pofika nthawi imeneyo adzakhala atagwira ntchito yake. Nsenjere nazonso zimagwira dothi ndipo zimapatsa chakudya cha ziweto.

Pamwamba, patali pang'ono ndi mlomo wa gombe, ndi pa nsungwi ndi mitengo ya m'mitsinje monga mkuyu, katope, mwimbi, mbawa ndi mthethe. Kutalikirako n'kofunika. Phata la nsungwi ndi lolemera ndipo mizu yake siipita pansi kwambiri, kotero likabzalidwa pamlomo pa gombe lomwe tsinde lake likusepedwa limagwa lonse, n'kuzula dothi lochuluka, ndipo likagona pakati pa mtsinje limapatutsira madzi kutsidya. Mtengo waukulu umachita chimodzimodzi. Bulugamu, yemwe anthu amamukonda chifukwa cha milimo, si woyenera pamalo pano, popeza amamwa madzi ambiri ndipo pansi pake udzu sumera bwino. Mitengo yachilengedwe ikakula imachita zimene miyala singachite: mthunzi wake umaziziritsa madzi, ndipo madzi ozizira amasunga mpweya wambiri, masamba ndi tizilombo togwa kuchokera m'nthambi zimadyetsa nsomba, mizu yolowa m'madzi imapanga maiwe obisalamo.

Nthawi yobzala ndi imene imatipusitsa kwambiri. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba mu Disembala n'kutha mu Epulo, ndipo kumunda ndi kuphiri ndi nthawi yoyenera. Koma pagombe miyezi imeneyi ndiyo ya chigumula, ndipo mbande yobzalidwa pa mwambo wa mu Januwale, alendo ataitanidwa ndi zithunzi zitajambulidwa, imatha kupita ndi madzi sabata yomweyo. Zomera za patsinde ndi pa thupi la gombe zimafuna kubzalidwa madzi akangoyamba kutsika, cha mu Epulo kapena Meyi dothi likadali lonyowa, n'kumathiriridwa m'chilimwe, kuti pofika mvula ina zikhale zitazika mizu kwa miyezi ingapo. Izi zikutanthauza kuti mdani wamkulu si madzi koma mbuzi ndi moto wa mu Seputembala, ndipo m'mbali mwa Shire ndi Malombe palinso mvuu zodya usiku. Pomwe zitsa zakale zikadali zamoyo, kusamalira mphukira kumaposa kubzala, chifukwa chitsa chili kale ndi mizu yakuya imene mbande ingatenge zaka kuti ikhale nayo.

Ena amafunsa chifukwa chimene sitingomanga khoma la simenti kapena kuwongola mtsinje kuti usamakhote. Pa mlatho kapena pomwe pali nyumba zambiri khoma lingafunikedi. Koma khoma losalala silichepetsa mphamvu ya madzi, limangoipititsa kwa mnansi wakumunsi kapena wakutsidya, ndipo mtsinje wowongoledwa umafupika, umatsetsereka kwambiri, n'kuyamba kudzikumba. Ichi n'chifukwa chake ntchito ya pagombe singakhale ya munthu mmodzi. Mudzi ukalimbitsa mbali yake osakambirana ndi a kutsidya, mlandu umakafika kwa mfumu dzinja lisanathe.

Funso lovuta kuposa onse ndi la malo. Lamulo la madzi la 2013, lomwe linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, pamodzi ndi malamulo a zachilengedwe, limafuna kuti m'mbali mwa mitsinje mutetezedwe, ndipo alangizi akhala akunena kwa zaka zambiri kuti pasamalimidwe mpaka pamlomo. Kuti uthengawu sutsatidwa si chifukwa chakuti anthu sanaumve. Vuto n'lakuti wotaya malo ndi mmodzi, mwini dimba, pamene opindula ndi msodzi wa ku Malombe, wakumwa madzi a m'mipopi m'tauni ndi wogwiritsa ntchito magetsi ku Blantyre. Maganizo anga ndi akuti mzere wotetezedwawo uyenera kukhalabe wa mwini wake ndipo uzimupatsa kanthu: bango la mphasa ndi mipanda lodulidwa mosinthanitsa malo, nsungwi zoluka malichero ndi madengu, nsenjere za mbuzi, ming'oma ya njuchi, mango ndi nthochi kumbuyo kwa mzerewo. Ngati dimba lasunthira kumtunda, madzi ayenera kulitsata, kaya ndi pampu yoyendera dzuwa kapena ngalande, apo ayi mwiniyo adzabwerera pagombe chaka cha njala choyamba, ndipo palibe mfumu imene idzamulipitse chindapusa ana ake akulira. M'madera ambiri a Mangochi, komwe malo amatsata mbumba, amayi ndiwo eni madimba, choncho msonkhano wogwirizana za malire umene wadzaza abambo okhaokha sunagwirizane kanthu.

Ziweto ndi anthu ayenera kusiyiridwa potsikira. Malo omwetsera ng'ombe, ochapira ndi okocheza mabwato asankhidwe kumbali yamkati ya pokhota kapena pomwe mtsinje wawongoka, ayalidwe miyala, ndipo kwinako kutsekedwe. M'mbali mwa Shire anthu ena amadula bango dala poopa ng'ona, ndipo mantha amenewa ndi enieni. Yankho lake ndi doko lotseguka ndi lotchingidwa bwino, osati kumeta gombe lonse. Mchenga womangira nawo sungaletsedwe kotheratu m'boma lomwe nyumba zikumangidwa tsiku ndi tsiku, koma ungatengedwe pa milu ya kumbali yamkati ya pokhota, kutali ndi milatho, osazama kupitirira pansi pa mtsinje.

Pali malire a zimene zomera zingachite. Mu 2024 madzi a Nyanja ya Malawi anakwera kwambiri moti nyumba ndi malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi zinamira, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa kuti mvula ya masiku ochepa ingathe kusintha njira ya mtsinje. Vetiva womira kwa miyezi yambiri amafa, ndipo mafunde a mwera pa nyanja yodzaza amafika pomwe sankafika. Pamalo otere chitetezo chenicheni ndi kumanga patali, ndipo ntchito ya pagombe iyenera kuyendera limodzi ndi ya kumtunda, ya akalozera, kutseka zigwembe ndi kusunga nkhalango, chifukwa gombe lolimba bwanji silingapirire madzi a phiri lonse otsika nthawi imodzi.

Kuti mudzi udziwe ngati ntchito ikuphula kanthu sipafunika makina. Zikhomo zingapo zikhomedwe pamtunda wodziwika kuchokera pamlomo wa gombe, ndipo chaka chilichonse mvula ikatha ayezenso ndi chingwe n'kulemba m'kope. Madzi atungidwe m'botolo loonekera mkati pamalo omwewo pakapita chigumula, asiyidwe usiku, ndipo matope okhazikika pansi ayerekezedwe ndi a chaka chatha. Ana asukulu angathe kutembenuza miyala ya mumtsinje n'kuona ngati pansi pake pali tizilombo ndi nkhanu, zomwe zimasowa matope akachuluka. Zotsatira za pagombe zimaoneka msanga, m'zaka ziwiri kapena zitatu vetiva ndi bango zikagwirana, koma kuyera kwa madzi kumachedwa, chifukwa mchenga ndi matope zomwe zinaunjikana kale mumtsinje zimapitiriza kutsika kwa zaka zambiri. Pa zaka zoyambazo ntchito yaikulu ndi yobwereza: dzinja lililonse likatha komiti ya m'mudzi iyende gombe lonse, ibzalenso pomwe pabooka, imange waya woduka ndi kulimira moto usanafike, ndipo ndalama za ntchito imeneyi ziyenera kukhala m'dongosolo kuyambira pachiyambi, popeza mapulojekiti ambiri amatha mitengo isanapitirire msinkhu wodyedwa ndi mbuzi.